Pepo ndi mtundu wovuta kwa ojambula zachilengedwe

Inu ojambula maluwa, mbalame ndi miyala, samalani ndi mtundu wa pepo. Kuti mupeze pepo, sakanizani utoto wabuluu wa ultramarine ndi utoto wofiira wa quinacridone rose, wofiirayo muziwonjezera pang'onopang'ono. Mukaika utoto wina wofiira wa cadmium red, zimatuluka ngati matope, chifukwa wofiira ameneyu amapendekera ku chikasu, ndipo chikasu chimapha pepo. Pakani mopyapyala katatu kapena kanayi, kudikira kuti paume musanabwereze.

Duwa lijambuleni likadali laliwisi. Anthocyanin, utoto wachilengedwe umene umalipatsa mtunduwo, amasintha duwa likamafota; louma limakunamizani.

Mbalame ndiye nkhani ina. Violet-backed starling yamphongo imawala pepo chifukwa cha kapangidwe ka nthenga zake, ndiye ikangotembenuka pang'ono, msana umaoneka wakuda kapena wofiirira. Sankhani mbali imodzi yochokera kuwala, musaisinthenso.

Amethyst, mwala wapepo, ndi quartz (mwala wonyezimira ngati galasi) yokhala ndi chitsulo pang'ono, ndipo mtundu wake umachindikala kunsonga, m'munsi n'kuyezuka. Musaupake mofanana ponseponse.

Carmine, utoto wina wofiira, mupeweni ndithu: amasuluka padzuwa n'kutsala buluu yekha, n'chifukwa chake maluwa ena apepo m'zojambula zakale lero akuoneka abuluu. Zimapweteka mtima kuona ntchito yabwino itatero.