Mseru wosathawu ndi mmene ndikulimbanira nawo

Anthu akamva kuti ndili ndi microscopic colitis, matenda a kutupa kwa matumbo aakulu, amangoganiza za kutsegula m'mimba basi, ndipo zoona kutsegulako kulipo, madzi okhaokha opanda magazi, mpaka usiku kumadzuka kuthamangira kuchimbudzi, koma chimene chimanditopetsa kwambiri ine ndi mseru. Si mseru uja woti usanza n'kupezako bwino ayi, umangokhala pakhosi kuyambira m'mawa, malovu kumangodzaza mkamwa, ukangomva fungo la usipa wokazinga kwa aneba mtima umayamba kudwala pomwepo.

Matendawa kuti adziwike zinatenga nthawi. Ankayeza chimbudzi osapeza kanthu, kundipatsa Flagyl, ndipo amene anamwapo Flagyl akudziwa kuti ameneyo payekha amabweretsa mseru ndi kakomedwe kachitsulo mkamwa. Kenako adokotala ena anandipanga colonoscopy, kulowetsa kachubu ka kamera m'matumbo aakulu, ndiye chodabwitsa n'chakuti matumbowo amaoneka abwinobwino ndithu, kutupa kwake sikuoneka ndi maso mpaka atabudula timinofu n'kukationa pa maikulosikopu. Pali mitundu iwiri, collagenous colitis ndi lymphocytic colitis, wanga ndi wachiwiriwo. Amakonda kugwira azimayi, makamaka a zaka zopitirira 50.

Funso loyamba la adokotala linali la mankhwala amene ndimamwa. Ine Brufen ndinkamwa pafupipafupi chifukwa cha mawondo, omeprazole nayenso chifukwa cha chilungulira, osadziwa kuti mankhwala a magulu onse awiriwa amaganiziridwa kuti amayambitsa kapena kukulitsa vutoli, fodyanso chimodzimodzi. Brufen ndinasiya. Koma chonde mankhwala amene munalemberedwa musasiye panokha, kambiranani kaye ndi adokotala anu. Ine adokotala anga anandipatsa budesonide, mankhwala ochepetsa kutupa, 9 mg m'mawa uliwonse kwa masabata 8, kutsegula kunachepa kwambiri koma mseru sunachoke msanga, ndipo anandiuziratu kuti kwa ambiri matendawa amabwereranso akasiya mankhwalawo.

Chimene ndaona ine n'chakuti mseru umakula m'mimba mukakhala mopanda kanthu komanso madzi akachepa m'thupi, ndiye vuto lake ndi lomwelo, ukamva mseru sufuna kudya, usadye mseru uwonjezeke. Pano ndimagona ndi kabuledi kouma kapena mabisiketi awiri pambali pa bedi, ndikadzuka ndimayamba ndadya kaye ndisanaimirire. Nsima ya masana yodzaza mbale ija ndinaiwala, ndimadya pang'onopang'ono koma kangapo, phala la mpunga lopanda mkaka, nthochi yakupsa, mbatata yophika, nkhuku yowiritsa yopanda chikopa. Chakudya ndimadikira chizizireko chifukwa chotentha chimatulutsa fungo kwambiri, ndipo ndiwo zokazinga mwana wanga amakaphikira panja pa mbaula ine ndili kutali. Chipisi, zamafuta, khofi ndi zakumwa za gasi zimandipweteka tsiku lomwelo, mwina kwa inu n'zina, thupi lililonse ndi zake, n'chifukwa chake ndimalemba m'kope zimene ndadya ndi mmene ndamvera.

Madzi ndiye nkhani yaikulu. Ukagugudiza kapu yonse nthawi imodzi imabwerera, ndiye ndimasungunula paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino n'kumamwa pang'onopang'ono, kakamwa kamodzi, kudikira, kenanso. Ikasowa ndimapanga ndekha, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Jinja wamuwisi wothira m'madzi otentha amandithandizanso, makamaka ndikamakwera minibasi, ndimapempha mpando wa pawindo chifukwa fungo la petulo ndi thukuta la anthu othithikana silindisiya bwino.

Zopweteka zina ndi zonena za anthu. Kutchalitchi mayi wina anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Amayi, mwaonda chonchi, kodi munakayezetsa koma?" Ndinadziwa chimene amatanthauza, ndinayezetsa kale, ndipo ndinawafotokozera bwinobwino koma kunyumba ndinakalira. Matendawa sapatsirana, si khansa, koma poti saoneka ndi maso anthu amadzaza okha nkhani yake.

Ngati inunso muli nawo ndipo mwafika posanza chilichonse ngakhale madzi, mkodzo wachepa n'kuda, mukuchita chizungulire mukaimirira, kapena mwaona magazi m'chimbudzi, musadikire kunyumba ndi jinja ayi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndikubwerera kwa adokotala mwezi wamawa, ndikufuna andiyeze coeliac disease, ija yoti thupi limadana ndi tirigu, chifukwa imapezeka kawirikawiri mwa anthu a microscopic colitis kusiyana ndi anthu ena ndipo buledi ndikudya tsiku lililonse.