Ulendo wa ku Cape Maclear: amayi a ku Chilobwe tinalowa m'nyanja

Gulu lathu la banki mkhonde lili ndi kathumba kapadera ka ulendo, ndipo chaka chino tinagwirizana zopita ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Kugwirizanako sikunali kwapafupi. A tcheya atanena kuti sitikupita kukangojambulitsa pagombe koma tikalowa m'madzi, amayi ena anayamba kufunsa ngati angabwezeredwe ndalama zawo. Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti madzi si anzako. Mwana akapezeka kudziwe ankakwapulidwa, ndipo mtsikana ndiye ankaletsedwa kotheratu. Kenaka mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukokolola nyumba ndi anthu kwathu kuno ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre. Kuyambira pamenepo pali anzathu amene mvula ikangolimba padenga sagona. Anthu otere ndi amene tinakwera minibasi m'bandakucha mwezi wa Okutobala, nthawi imene mphepo ya mwera imakhala itachepa ndipo nyanja imadekha.

Tinadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Titatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay tinakhotera kumanzere, mumsewu wokhotakhota wodutsa m'mapiri, anyani ali m'mbali. Mudzi wa Chembe uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba. Madzulo tinakaona manda a amishoni a ku Scotland amene anafika pamalopa mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe.

M'mawa mwake anyamata otsogolera alendo sanatikweze boti msanga. Anatiimika m'madzi olekeza m'chiuno, aliyense atavala jekete yoyandamitsa, n'kutipatsa magalasi ophimba maso ndi mphuno komanso kapaipi kopumira. Ntchito yoyamba inali kuwerama basi, nkhope m'madzi, n'kumapuma ndi pakamwa. Kunena n'kosavuta. Madzi atangondikhudza m'makutu chifuwa chinathina, ndinadzuka ndikutsokomola, mtima ukugunda mpaka m'khosi. Mnyamata wotiphunzitsa anali wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Sanaseke, sanandikokenso. Anati, "Amayi, gwirani dzanja langali. Musafulumire kukoka mpweya, yambani mwautulutsa pang'onopang'ono mpaka muumve ukulira m'paipimo." Ndinachita zomwezo. Ndinamva mpweya wanga ukutuluka, ukulowa, ukutulukanso, maso ali pamchenga ndi pazala za kumapazi kwanga. Apa m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi chimene chinkandiopsa kwambiri n'kusowa mpweya, ndi kusaona chimene chili pansi. Kapaipi ndi magalasi zinachotsa ziwiri zonsezo nthawi imodzi.

Anatiphunzitsanso kugona chafufumimba pamadzi manja atatambasula. Munthu wamantha amafuna kuimirira, amatukula mutu, miyendo n'kumira, ndiye amayamba kuphiriphitha ndi kumwa madzi. Ukagona n'kudzaza mapapo, thupi limayandama lokha. Msungichuma wathu, amene pamsonkhano sabwerera m'mbuyo pa nkhani iliyonse, analira misozi atagwira chingwe cha boti. Amayi awiri anamuimirira uku ndi uku akumuuza kuti, "Asisi, tili pompano, sititaya." Patapita nthawi anasiya chingwe yekha.

Kenaka tinakwera boti kupita kuchilumba cha Thumbi West. Pamenepo ndi pamatanthwe, ndipo madzi ake ndi oyera moti uli m'boti umaona pansi. Nditalowa n'kuika nkhope m'madzi ndinaiwala kuwerenga mpweya. Nsomba zotchedwa mbuna zinali ponseponse, zabuluu za mizere yakuda, zachikasu, zina zamawangamawanga, zazing'ono zosaposa chikhatho. Imodzi inali pafupi ndi galasi langa ikupala ndere pamwala, kukamwa kwake kukugwira ntchito mosapumira, ndipo inzake itayandikira inaithamangitsa n'kubwerera pamalo pake pomwepo. Mnyamata uja anandikodola n'kuloza ina imene inali yotupa kukhosi. Titatulutsa mitu anati ndi yaikazi, yasunga mazira m'kamwa. Mbuna zimalera choncho: mayi amafungatira mazira ndi tiana m'kamwa kwa milungu ingapo, osadya kwenikweni. Ine ndadya chambo ndi usipa moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse.

Zinandiwawa mumtima kuona kuti pamatanthwepo panali alendo ochokera kutali, olipira ndege kuti adzaone zimenezi, pamene ife eni dziko timafika kunyanja pa Khirisimasi, kunyowetsa mapazi, kudya nsomba yootcha n'kubwerera. Sindikunena kuti ndalama si vuto, chifukwa boti ndi zipangizo zimalipiridwa. Koma pagulu mtengo unapepuka, ndipo chimene chinkatitsekereza kwambiri si thumba.

Tsiku lotsatira ochepa mwa ife tinalimba mtima kuyesa kulowa pansi ndi silinda ya mpweya kumsana. Izi sizichitika mwachisawawa. Mphunzitsi wake anali ndi ziphaso, anatifunsa za matenda a mtima, mphumu ndi makutu, ndipo mayi mmodzi wa BP anamuuza kuti akhale m'boti. Lamulo lalikulu ndi lakuti usagwire mpweya ngakhale pang'ono. Pa mamita 10 madzi amakupanikiza kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda, ndiye ukakwera utatseka mpweya m'chifuwa, umafufuma n'kuvulaza mapapo. Makutu nawo amapweteka potsika, ndipo mankhwala ake n'kutsina mphuno n'kuuzira pang'ono mpaka amve kutseguka. Pansi palibe kuyankhula. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zikapanga bwalo ndiye kuti zili bwino, chala chachikulu chikaloza kumwamba ndiye kuti tikwere.

Chimene chinandivuta ndi phunziro lolowetsa madzi dala m'magalasi kenaka n'kuwatulutsa ndi mpweya wa m'mphuno. Madzi atafika m'mphuno, mantha onse a ku Chilobwe anabwerera, ndipo miyendo inafuna kuthawira kumwamba. Mphunzitsi anandigwira paphewa, anandiyang'ana m'maso, dzanja lake likukwera ndi kutsika pang'onopang'ono kundionetsa kapumidwe. Ndinatsatira dzanjalo. Ndinakanikiza galasi pamphumi, kuyang'ana kumwamba, kufwenthera, madzi n'kutuluka. Titatero tinatsika motsatira chingwe, osapitirira mamita ochepa, pakuti oyamba kumene saloledwa kupyola mamita 12. Pansipo thupi silimalemera, mawondo anga amene amandivuta pokwera chitunda cha kwathu anali chete, ndipo nsomba zinkadutsa pamwamba pa mutu wanga.

Si onse analowa. Amayi ena anakhala m'boti ulendo wonse akuonerera nkhwazi zikutola nsomba zimene anyamata ankaponya, ndipo palibe anawanyoza. Mmodzi wa iwo anataya m'bale wake pa Freddy. Iyeyo anapempha magalasi, anagwada m'boti n'kuwerama mpaka nkhope inakhudza madzi, anayang'ana kanthawi, n'kubweza magalasiwo osanena kanthu.

Amene mukufuna kupita, dziwani kuti kumadera ena a gombe la Chembe kuli likodzo. Tinalangizidwa kuti pakatha milungu ingapo tikayezetse kuchipatala ndi kulandira mankhwala ngati pakufunika. Jekete musaivule ngakhale mutayamba kudzimva kuti mwatha, musalowe nokha, ndipo funsani eni mudzi za malo oyenera ndi za mphepo ya tsikulo. Pamsonkhano wathu wotsatira tinagwirizana kuti kathumba ka ulendo kapitirire, ndipo chaka chamawa mayi aliyense adzatenge mwana mmodzi, atsikana patsogolo.