Tsiku limene ndalemba ndi pakamwa

Lero ndadzuka dzanja langa lamanja likadali lotupa pamfundo, ndipo popeza adokotala anandiletsa kugwira cholembera kapena kutaipa kwa masabata atatu, ndinaganiza zoyesa njira imene ndakhala ndikungoiwerenga m'mbiri za olemba akale, yoti munthu uzilankhula wina n'kumakulembera. Mwana wa mchemwali wanga anavomera kundithandiza, moti pofika 9 koloko m'mawa anali atayatsa kale kompyuta, zala zili pamabatani, maso ali pa ine.

Chinthu choyamba chimene chinandigwira ndi manyazi. Chiganizo chotsegulira mutu wachisanu wa buku langa ndinkaona ngati ndikuchidziwa bwino, koma nditangoona munthu akudikira kuti nditsegule pakamwa, mawu onse anabalalika. Papepala munthu amafufuta popanda mboni, pamene pano chiganizo chilichonse chopunduka chinali kumveka m'makutu mwa wina. Nditayamba ndi kusiya kanayi, mnyamatayo anafunsa mwaulemu kuti, "Amalume, zonsezi ndizilemba, kapena mukungoganiza mokweza?"

Funso limeneli linandikumbutsa John Milton, mlakatuli wa ku England amene anasiyiratu kuona mu 1652 koma n'kudzatulutsa Paradise Lost mu 1667, ndakatulo ya mizere yoposa 10,000. Iye ankaluka mizere yake usiku kapena m'bandakucha, n'kuisunga m'mutu mpaka womulembera atafika, ndiye kuti ntchito yolemera inali itachitika kale cholembera chisanakhudze pepala. Apa m'pamene ndinazindikira cholakwa changa: ndinabwera pamaso pa wondilembera chimanjamanja, ndikuyembekezera kuti mawu abadwira pomwepo. Ndinamupempha kuti apume kaye, ine n'kutuluka panja kwa theka la ola, ndikubwereza ndime imodzi chamumtima mpaka inakhazikika. Nditabwerera ndinaitula yonse ndikuyendayenda m'chipinda, ndipo sindinapunthwe paliponse.

Masana zinthu zinayenda, ndipo mpaka pano ndikuganizabe za chimene chinachitika cha m'ma 2 koloko. Ndili mkati mofotokoza mkangano wa anthu awiri a m'nkhani yanga, kulira kwa mabatani kunasiya mwadzidzidzi. "Pepani amalume, mayi uja munamutulutsa m'nyumba m'ndime yapitayi, nanga akuyankha bwanji ngati ali mkati?" Ankanena zoona, ndipo ine mutu umenewu ndinali nditauganizira kwa mwezi wathunthu osaona vutolo. Dzulo ndinaganizako zongojambula mawu anga pafoni kuti wina adzawalembe pambuyo pake, koma foni sikanandifunsa funso limeneli.

M'pofunika kunena pano za Fyodor Dostoevsky, wolemba mabuku wa ku Russia, chifukwa nkhani yake imakonda kusimbidwa ngati ya liwiro chabe. Mu 1866 iye anali atapanikizika ndi pangano limene anasainirana ndi wosindikiza mabuku Stellovsky, lonena kuti akalephera kupereka buku latsopano pofika pa 1 November, wosindikizayo adzakhala ndi ufulu wotulutsa zolemba zake kwa zaka zisanu ndi zinayi osamulipira kanthu. Kutatsala mwezi wosakwana, analemba ntchito Anna Snitkina, mtsikana wa zaka 20 amene anaphunzira kalembedwe kachidule kothamanga ndi mawu a wolankhula. Masana iye ankalankhula Anna n'kumalemba, ndipo madzulo Anna ankapita kwawo kukakopera zonse m'zilembo zowerengeka. Buku la The Gambler linatha m'masiku 26, ndipo awiriwo anakwatirana mu February 1867. Ine ndikukhulupirira kuti chimene chinamupulumutsa sichinali liwiro la dzanja la Anna lokha, koma kukhalapo kwa munthu womvetsera tsiku ndi tsiku, amene nkhope yake inkaonetsa ngati nkhani ikugwira mtima kapena ayi. Ndaziona ndekha lero kuti mnyamata uja akatsamira kutsogolo, ndiye kuti ndime ili bwino.

Njirayi ili ndi msampha wake, ndipo ndinaugweramo dzuwa lisanalowe. Nditamupempha kuti andiwerengere zimene talemba, ndinamva mawu akuti "ndiyeno" kasanu ndi kawiri patsamba limodzi, komanso ziganizo zina zinali zitatalika moti wowerengayo ankachita kupumira pakati. Pakamwa sipaona pamene chiganizo chinayambira, choncho pamangowonjezera nthambi pamwamba pa nthambi. Henry James, wolemba mabuku wobadwira ku America, anayamba kulankhula mabuku ake kwa womutaipira mu 1897 chifukwa cha kupweteka kwa dzanja, vuto lofanana ndi langali, ndipo akatswiri ambiri amagwirizanitsa ziganizo zazitali ndi zokhotakhota za m'mabuku ake omalizira ndi kusintha kumeneku. Kwa iye zinasanduka luso, koma patsamba langa zambiri zinali zofunika kudulira.

Titamaliza cha m'ma 5 koloko tinali ndi masamba asanu ndi limodzi, ndipo mnyamatayo anandifunsa ngati dzina la wolembera limatchulidwa penapake m'buku. Ndinamutsegulira Aroma 16:22, pamene Tertio, amene ankalembera mtumwi Paulo, akudzitchula yekha kuti ndiye walemba kalatayo ndipo akupereka moni wake. Anawerenga vesilo kawiri, n'kumwetulira osanena kanthu. Ndamulonjeza kuti dzina lake lidzakhala patsamba la zothokoza, ndipo ndidzanena momveka bwino kuti anagwira ntchito yanji.

Usiku uno masamba aja ndawasindikiza, ndipo ndakhala ndikuika timizere ndi pensulo m'dzanja lamanzere paliponse pamene pali mawu obwerezedwa. Mawa tiyambanso 9 koloko, ndipo ndime ziwiri zoyambira ndikufuna ndikagone nditaziloweza.