Makapu a mkuwa a ku Pune ndi chambiko cha amayi

Ku India sindinapite kokasangalala ayi, ndinapita ngati gadiyani wa achemwali anga amene amakachitidwa opaleshoni ya bondo ku Pune. Koma amene munakhalapo gadiyani mukudziwa, masiku atatu oyamba mtima umakhala m'mwamba, kenako wodwala akayamba kudya ndi kukalipa umangopezeka ulibe chochita, wangokhala pampando kuwerenga matailosi. Tinanyamukira ku KIA, kutera ku Addis Ababa, kenako Mumbai, ndiye kuchoka Mumbai kufika Pune ndi maola atatu anayi pagalimoto, msewu wokwera mapiri wina wodutsa mkati mwa phiri momwe.

Chinthu choyamba chimene chinandikhumudwitsa, musaseke, ndi kapu. Titafika kunyumba yogona alendo mayi ake a nyumbayo anatibweretsera madzi m'matambula achitsulo, aja osachita dzimbiri, opanda chogwirira. Ine mumtima ndinati eeh atichepsatu awa. Kwathu kapu yachitsulo ndi ya kuboding'i kapena ya ana osachedwa kuswa zinthu, mlendo timamutulutsira galasi la mu displeyi lija limakhala chaka chonse osagwiritsidwa ntchito. Koma patangopita masiku awiri ndinaona kuti chilichonse kumeneko ndi chitsulo, mbale yaikulu ija amati thali, timabakuli ta ndiwo amati katori, jagi, ngakhale kontena yonyamulira nkhomaliro. Adokotala enieni ndinawaona akumwera tambula yomweyo. Manyazi anandigwira ndekha.

Ndiye kamwedwe kake. Pamalo ena odyera ndinaona bambo wina atakweza tambula m'mwamba, wapendeketsa mutu, madzi akutsika ngati pampopi kulowa kukhosi, mlomo osakhudza kapu olo pang'ono. Ambiri amatero makamaka ngati kapu kapena botolo ndi logawana. Ndinayesera kuchipinda ndili ndekha, bulauzi yonse chonyowa, madzi ena m'mphuno, achemwali kuseka mpaka kudandaula kuti ndiwaphulitsa ulusi.

Za mkuwa ndinazionera kwa mayi a nyumba aja. Usiku uliwonse amathira madzi m'kamtsuko kofiirira, kuvundikira ndi kakapu kake, m'mawa asanadye kanthu amamwa. M'chi Marathi kamtsukoko amati tambya, ndipo mwambo womwa madzi ogonera mumkuwa ndi wakalekale, wochokera ku mankhwala awo achikuda aja amati Ayurveda. Nditawafunsa kogula anati ngati ukufuna zenizeni usapite ku mall, pita ku Tambat Ali. Anandilembera papepala kuti ndikamuonetse wa auto, tinjinga tamatayala atatu tija kwathu timangoti bajaji, ndipo pano ndi pamene ndinadziwa kuti kampani ya Bajaj likulu lake lili ku Pune komweko.

Tambat Ali ili ku Kasba Peth, chigawo chakale kwambiri cha mzindawu, kufupi ndi Shaniwar Wada, linga lija linamangidwa mu 1732 nthawi ya ma Peshwa amene ankalamulira dziko la a Maratha. Wa auto ananditsitsa pamsewu nkungoloza ndi chibwano kuti lowa umo. Sindinafunikirenso kufunsa munthu, makutu ndi amene ananditsogolera. Kho kho kho, ngwe ngwe ngwe, kuchokera m'zitseko zonse. Amene munadutsapo kwa okhoma zidebe ku Ndirande mukhoza kuyerekeza, kungoti kumeneku phokoso lake ndi lopyapyala ndipo limayenda mwa ndondomeko ngati ng'oma.

Ndinaima pakhomo lina pamene panali mdala wa imvi atakhala pansi, miyendo atapinda, kapu ataiveka pa kachitsulo kozikika pansi. Kumeneko munthu wamkulu wamwamuna umamuitana kuti kaka, ngati mmene ife timanenera kuti amalume kwa bambo aliyense, ndiye ndinangoti namaskar kaka, iwo nkundilozera kabenchi. Nyundo yawo inali yaing'ono, kumutu kwake kosalala ngati kalilole. Akamenya kamodzi pamatsala kadzenje kowala, dzanja lamanzere nkutembenuza kapu pang'ono pokha, kumenyanso, kadzenje kena pambali penipeni pa koyamba, mzere kuzungulira mpaka kukumana, kenako kutsika mzere wina. Osayeza, osajambula ndi pensulo, maso ali theka kwa ine theka ku wailesi. Ntchito imeneyi amaitcha matharkaam. Ine ndimaona ngati timadzenjeto ndi tokongoletsa basi, koma mkuwa ukamenyedwa umalimba, ndiye kapu yokhomedwa choncho siipindika msanga ngati yosalala. Ndinakhala pamenepo pafupifupi ola, kapu imodzi yokha, mpaka ndinayamba kumva kuwawa msana m'malo mwawo.

Anthu amenewa amatchedwa a Tambat, makolo awo anakhazikika ku Pune m'zaka za m'ma 1700 kudzagwirira ntchito ma Peshwa aja, ankapanga ndalama zachitsulo, zida, ziwiya za m'nyumba ndi za m'kachisi. Pano mabanja otsala pantchitoyi ndi ochepa, ana ambiri anapita kusukulu nkukalowa ntchito za m'maofesi, ndipo chimene chinawalanda msika ndi tambula yomwe ija ndinkainyoza. Chitsulo chosachita dzimbiri chimakhala ndi chitsulo china chotchedwa chromium osachepera 10.5 peresenti, ndi chimene chimachiteteza, ndiye sichisamala kuti mwathiramo mandimu, mkaka kapena tiyi. Pomwe poto wa mkuwa kapena wa brass, mkuwa uja wachikasu wosakaniza ndi zinki, kuti uphikiremo amayenera kumatidwa mkati ndi chitsulo china chofewa choyera chija amati tin, iwo amati kalai, ndipo chikatha uyenera kukamatitsanso. Mayi wa ana asanu angasankhe chiyani pamenepa? Ngakhale ine ndikanasankha chosavuta.

Kogula kunali m'kashopu pafupi pomwepo, ndipo ndinafika nthawi yolakwika kapena yabwino kaya, kunali kutatsala pang'ono Diwali, chikondwerero chachikulu cha Ahindu. Masiku awiri chikondwererochi chisanafike pamakhala tsiku lotchedwa Dhanteras limene anthu amagula golide, siliva kapena chiwiya chatsopano chachitsulo kuti mwayi ulowe m'nyumba, ndiye m'mashopu a ziwiya munali ngati msika wa Limbe pa 24 December. Chimene chinandidabwitsa nchakuti ziwiya zambiri amagulitsa pa sikelo ngati nyama. Wasankha makapu ako, amaika pasikelo, kuwerengera pa kilo, ndipo mkuwa kilo yake ndi yokwera kutalitali kuposa chitsulo.

Wogulitsa anandiyalira mitundu itatu. Ina ya mkuwa wokhawokha mkati ndi kunja. Ina kunja mkuwa wokhomedwa bwinobwino koma mkati chitsulo choyera, imeneyi ndi imene mumaiona m'malesitilanti a amwenye ngakhale kwathu kuno. Yachitatu anaitulutsa pansi pa kauntala akuseka, yopepuka, yowala mopitirira, anati iyi ndi ya alendo ngati iwe, angoipaka mtundu pamwamba. Anakanda pansi pake ndi kiyi, zoyera nkuonekera. Kenako anagwira ya mkuwa weniweni ija nkundiyang'ana m'maso, "Only water, madam." Anabwereza katatu. Mandimu ayi, juwisi ayi, mkaka ayi, taak ayi, taak ndi mkaka wosasa wosungunula umene amamwa akatha kudya. Chilichonse chowawasa chimadya mkuwa, chakumwacho chimamveka chitsulochitsulo ndipo chikhoza kukutsegula m'mimba kapena kukusanzitsa. Nchifukwa chake anapanga ija ya chitsulo mkati, kuti maso adye mkuwa koma mimba ikhale pamtendere.

Apa ndinene maganizo anga. Pa intaneti mudzaona anthu akulemba kuti madzi a mumkuwa amachepetsa thupi, amachiza BP, shuga, amachotsa makwinya, chilichonse. Zimenezo ine ndimaziona ngati malonda. Chodziwika nchakuti mkuwa umapha tizilombo tambiri ngati madzi akhalamo maola ochuluka, usiku wonse mwachitsanzo, komanso kuti thupi limafuna mkuwa wochepa kwambiri, a WHO malire awo m'madzi akumwa ndi mamiligalamu 2 pa lita. Ndiye ngati mukugula ya chitsulo mkati poganiza kuti mupeza mankhwala, mwagula kukongola kokha, madzi anu sakukhudza mkuwa nkomwe.

Ndinagula awiri a mkuwa wokhawokha, anayi a chitsulo mkati, ndipo pomaliza, ndikuchita manyazi, matambula wamba sikisi aja ndinkati ndi a kuboding'i. Wogulitsa anafunsa ngati alembe dzina. Ali ndi kamakina kolira ngati njuchi kamene amalembera pachitsulo pomwepo, kumeneko mphatso ya paukwati imalembedwa dzina ndi deti, ndipo chiwiya chikapita kwa aneba chimadziwika kwawo. Ndinawalembera papepala dzina la kumtundu la amayi, anakopera chilembo chimodzichimodzi lilime lili panja.

Pobwerera sutikesi inalemera, achemwali ali pa wilutcheya akungonena kuti anzako amagula nsalu iwe wagula zitsulo. Alamu anga a ku Chipata atawaona makapuwo anati mkuwa wathu wa ku Copperbelt umenewu, wangokazungulira ku India nkubwera wodula, ine ndinati kaya alamu, sunandiuze kwawo.

Amayi kumudzi ku Ntcheu ndinawapatsa imodzi ya mkuwa wokhawokha ndi matambula awiri olembedwa dzina aja. Ndinawafotokozera bwinobwino, amayi iyi ndi ya madzi okha. Anati ndamva mwanawe, ngati ndine mwana. Patatha sabata ziwiri foni, "Iwe, kapu yako ija yalodzedwa." Anathiramo chambiko madzulo kuti adzadyere nsima mawa lake, m'mawa anapeza m'mbali mwake mwabiriwira, chambiko chikununkha ndalama yachitsulo. Mwamwayi sanamwe, anapatsa galu, galunso ananunkhiza nkuchokapo. Ndinawauza zimene anandiphunzitsa mayi a ku Pune aja, tengani bwemba kapena ndimu ndi mchere, kwechani, tsukuluzani msanga ndi madzi ambiri nkupukuta. Anayimbanso madzulo kuti yawala kuposa mmene inabwerera, koma sakuikhulupiriranso.

Nditapita pa Khirisimasi ndinaipeza mu displeyi, yakhala pakati pa magalasi a alendo, pansi pake ayalapo kansalu koluka. Tambula yachitsulo imodzi inali pa mtsuko, yatuwa kale ndi zala za adzukulu. Inayo ndinaifunafuna osaipeza, amayi anati ili kudimba, amamwera thobwa akamathirira kabichi.