Tinagula injini, nyumba tinaiwala kuiona

Motorhome yathu yoyamba tinaigula mu 2021, nthawi ija ya covid anthu kuno ku UK akulephera kukwera ndege kupita ku Spain nde aliyense amafuna kukapumira konkuno, mitengo ya magalimoto amenewa inali itakwera zoopsa koma ife tinati bola tilowe geni yobwereketsa pa hayala pomwepo anthu akuwafuna. Kwa amene simunaionepo, kutsogolo ndi galimoto bwinobwino koma kumbuyo ndi nyumba, muli bedi, kakhitchini, firiji, shawa mpaka chimbudzi. Amayi anga kumudzi nditawaonetsa pa foni anakhala chete kaye kenako akuti "kodi mwanawe, zakuvutani mpaka muzigona m'galimoto?" ndinavutika kuwafotokozera kuti azungu amalipira ndalama kuti agone mmenemo nyumba ali nazo.

Ife timakhala kufupi ndi Glasgow. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku, abambo akunyumba ndi makaniko, ntchito anaiphunzirira m'magalaja a ku Ndirande akulimbana ndi maminibasi otopa aja, kunonso ali pagalaja. Ndalama yake tinaphatikiza ya chipeleganyu cha azimayi akutchalitchi ndi kangongole pang'ono, ndipo ineyo mtima unali m'malo chifukwa ndimati ndi makaniko m'nyumba palibe angatipusitse pa nkhani ya galimoto.

Tsiku lokaiona abambo anatha pafupifupi maola awiri. Inali Fiat Ducato ya 2012, ya dizilo, anailiza, kutchera khutu, kugona pansi ndi tochi kuyang'ana dzimbiri, kufunsa mapepala a cambelt kuti anasintha liti, kuiyendetsa mpaka pa motorway, pobwera akumwetulira akuti "mayi, injini iyi ndi nyatwa, tisaisiye." Ine ndinangolowa kumbuyo kutsegula tsegula makabati ndikuona kuti makatani ndi okongola. Ndinamva ndithu kafungo kenakake pansi pa perefyumu amene mwiniwake anapopera, koma ndinati mwina ndi chifukwa yakhalitsa chotseka.

Patatha milungu ngati isanu, mvula ya ku Glasgow ija yosadziwa kukata itagwa sabata yathunthu, ndinakwera pabedi la pamwamba pa dalaivala kuti ndiyale nsalu zojambulitsira zithunzi za pa Facebook. Ndinatsamira khoma ndi dzanja, chala chinangolowa ngati ndadina papaya lakupsa. Kutukula matiresi, pansi pake pali bii ndi chuku, thabwa lonyowa loti mukalikanda ndi chikhadabo limangoyoyoka. Ndinakhala pompo osaitana munthu kwa kanthawi ndithu, ndikuwerengera miyezi imene ndinakhala ndikusonkha chipeleganyu.

Chimene sitimadziwa ndi ichi. Makoma a motorhome zakalezi kunja ndi kachitsulo kopyapyala kapena fibreglass, pakati pali timitengo ndi zotchinjiriza kuzizira, mkati kathabwa kopyapyalanso, ndipo paliponse pamene anaboola kuti aike zenera, chitseko kapena kazenera ka padenga anamata ndi sealant. Galimoto ikamayenda nyumba yonse imagwedezeka, dzuwa ndi chisanu zimaumitsa sealant uja, amang'ambika kamng'alu koti simungakaone, madzi nkumalowa pang'onopang'ono kwa zaka mitengo nkumaola mkati kunja kukuwala bwinobwino. MOT imene tinkainyadira, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, imangoona zinthu ngati mabuleki, magetsi, matayala ndi utsi, za nyumbayo siziikhudza olo pang'ono. Mbali ya nyumba ili ndi kuyeza kwake kwapadera kumene amati habitation check, amaona gasi, magetsi, madzi, nkubaya makoma ndi kamakina koyezera chinyontho. Kakawerenga pansi pa 15 peresenti muli bho, kakadutsa 20 yambani kuda nkhawa, kakapitirira 30 ndiye kuti mkatimo zaonongeka kale. Pakona pathu paja kanapitirira 30. Wogulitsa uja foni anasiya kuyankha, ndipo poti tinagula kwa munthu wamba osati kwa dila, polirira panali pochepa.

Chaka chimenecho sitinapange olo paundi imodzi. Mtengo umene anatiuza okonza unali woti sitikanatha, nde abambo anati ngati ndinkadzutsa maminibasi akufa, thabwa silingandikanike. Anapempha kamalo kofolera kwa abwana awo, madzulo aliwonse akaweruka amakasasula khoma, kuchotsa mitengo yoola, kuumitsa ndi makina kwa milungu, kuika ina, kumata mawindo onse mwatsopano. Tinakangana kangapo nyengo imeneyo, sindinama, ine kumati munkayang'ana chiyani maola awiri onse aja, iwo kumati nanga inu mayi munanunkhiza bwanji osanena. Tonse tinali olakwa basi.

Hayala tinayamba mu April 2022. Choyamba chimene ndimauza aliyense wofuna geni imeneyi ndi inshuwalansi, ya wamba ija siigwira mukabwereketsa galimoto kwa munthu wolipira, pamafunika ya self-drive hire ndipo a inshuwalansiwo ndi amene amakuuzani zaka za munthu amene angayendetse ndi malayisensi amene amalola. Layisensi wamba ya galimoto yaing'ono imathera pa makilogalamu 3,500, kupitirira apo pamafunika layisensi ya C1, kupatula madala amene anakhoza mayeso chaka cha 1997 chisanafike, iwowo anangoipatsidwa. Ndi chifukwa chake motorhome zambiri amazilemba 3,500 ndendende, koma msampha uli pomwepo, chifukwa galimotoyo payokha yadya kale mbali yaikulu ya kulemerako, chotsala cha anthu ndi katundu ndi chochepa kuposa mmene maso akuonera. Thanki ya madzi ya malita 100 mukaidzadza ndi makilogalamu 100 amenewo musanakweze mwana olo mmodzi.

Nanga ife anthu akwathu mmene timalongedzera mukudziwa. Banja lina lachimalawi linabwera kudzaitenga ndi magalimoto awiri odzadza, thumba la ufa, mpunga, mapoto a pa ukwati aja, makuleti a zakumwa, sipika yaikulu, njinga za ana, ine kuyang'ana matayala akumbuyo akuchita kukhala pansi. Ndinati "achimwene pepani, tiyeni kaye kusikelo," tinapita pa weighbridge, inapitirira ndithu, tinabwerera kukatsitsa katundu alamu akung'ung'udza njira yonse. Mu katunduyo munalinso kambaula ndi makala, akuti kozizira kuja tiziothera usiku. Apa pokha sindiseka ndi munthu. Kwathu komwe tamvapo anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka osadzukanso, nde kanyumba kakang'ono ngati aka utsi wosanunkha uja sutenga nthawi. Muli hita yake ya gasi yotulutsira utsi panja, muli alamu ya carbon monoxide, ndipo timabowo tolowera mpweya tapansi tija musatitseke ndi nsanza olo kuzizire bwanji.

Popereka makiyi ndimatenga ola lathunthu, ndipo gawo limene anthu amachita nalo manyazi ndi limene ndimakhalitsapo, chimbudzi. Ndimawagwaditsa panja pa kachitseko kam'mbali, kuwauza atsegule okha, akoke kaseti ija yooneka ngati chigubu chokhala ndi timatayala, atembenuze kampopi, adine kabatani kolowetsa mpweya pokhuthula kuti zisawathovukire kumapazi, atsukuluze, athire mankhwala ndi timadzi pang'ono, abwezere. Bambo wina wovala bwino anati "izi adzapanga madamu," madamu ake anangomuyang'ana, anagwada yekha. Zimenezi zimatayidwa pamalo ake okhaokha a pa campsite, osati m'ngalande, osati kuseri kwa tchire, anthu a kumidzi ya ku Highlands motorhome amaziyang'ana ndi diso lofiira chifukwa cha alendo ochita zoterezi, ndipo sindiwadzudzula. Wobweza kaseti yodzadza ndimamudula pa dipoziti, zinalembedwa ndipo amasaina.

Zina tinaphunzira zitachitika. Kasitomala wina anathira dizilo pachibowo cha madzi, anangoona chivindikiro m'mbali basi nkupopa, anazindikira m'mawa tiyi akununkha filling station. Fungo la dizilo mu pulasitiki silichoka olo mutsuke kakhumi, tinasintha thanki, pampu ndi mapaipi, sabata ziwiri za July zinapita choncho ndipo July ndi amene amatidyetsa. Pano pali chistika chachikulu cholembedwa kuti madzi okha. Wina anakhulitsa denga pachitsulo cholowera pa car park, zambiri zimakhala mamita awiri pamene yathu ikuyandikira atatu, nde kutalika kwake ndinakumata patsogolo pa dalaivala m'mamita ndi m'mafiti momwe poti zikwangwani zina zakale za pamilatho zili m'mafiti. Kenako June 2023 mzinda wa Glasgow unayamba kulipiritsa magalimoto autsi olowa pakati pa tawuni, ya dizilo imafunika ikhale Euro 6, kutanthauza injini zatsopano za utsi wochepa, yathu ya 2012 si yotero, kasitomala akalowamo kalata ya mapaundi 60 imabwera kwa ife eni ake ndipo akabwereza imawirikiza. Edinburgh, Dundee ndi Aberdeen anayambanso mu 2024. Ndimawauza kuti siyani galimoto kunja mukwere sitima.

Ambiri amene amabwera kwa ife akupita ku NC500, msewu wozungulira kumpoto kwa Scotland umene unakhazikitsidwa mu 2015, mamailosi 516 kuyambira ndi kuthera ku Inverness. Pa mapu umaoneka waufupi, anthu amati masiku atatu tamaliza, ine ndimati osachepera sabata, apo ayi mungokhala pachiwongolero osaona kanthu. Malo ambiri kumadzulo ndi kumpoto msewu ndi wa galimoto imodzi, wokhala ndi timalo topatukira, timeneto si toimikapo kuti mujambule nkhosa, ndipo mukaona magalimoto afola kumbuyo kwanu patukani adutse, mwina ndi nesi akuthamangira wodwala. Pali phiri lina lopita ku Applecross, Bealach na Bà, limakwera mamita 626 ndi makhotolo akuthwa, amene munakwerapo Gorodi popita ku Livingstonia mukudziwa mtundu wake, kusiyana kwake uwu ndi wa tala. Pansi pake pali chikwangwani chochenjeza magalimoto aakulu, ndipo mu mgwirizano wathu tinalemba kuti yathu isakwere, azungulire cha ku Shieldaig m'mbali mwa nyanja, nkokongolanso. Dizilo thirani ikafika theka. Anthu amamvanso zoti ku Scotland umagona paliponse, ufulu umenewo ndi wa oyenda pansi ndi tenti, galimoto suikhudza, nde bukani malo nthawi ikadalipo makamaka July ndi August. Miyezi yomweyo kuli ma midges, titizilombo tochepa kuposa udzudzu koma timabwera ngati mtambo madzulo kukakhala bata, malungo tilibe koma mudzavina.

Nyengo yathu imatha cha mu October, kenako galimoto imakhala, ndipo kukhalako nkumene kumaononga. Madzi onse timakhuthula, thanki, boila, mipope kuisiya yotsegula, chifukwa akaundana amaphulitsa mapaipi. Firiji timaisiya yotsegula pang'ono, makushoni timalowetsa m'nyumba, chakudya olo kambewu kamodzi osasiya chifukwa cha mbewa, batire ya kunyumbayo imene ili yosiyana ndi ya injini timaitchaja, ndipo kamodzi pamwezi abambo amakaiyendetsa kuti matayala ndi mabuleki zisagwirane. Matayala a motorhome amakalamba asanathe mapanga, muziona chaka cholembedwa m'mbali. Gasi timagwiritsa propane, butane kukazizira kufika pa ziro amakana kutuluka m'botolo, munthu nkumaganiza kuti watha.

Zoti zimalemeretsa ayi, ndisakunamizeni, ine mashifiti anga sindinasiye. Ya miyezi isanu ndi umodzi imayenera kulipira inshuwalansi, malo oimikapo, msonkho ndi zokonza za chaka chonse, ndipo Loweruka langa limathera kuchapa nsalu ndi kupukuta firiji pakati pa wobweza 10 koloko ndi wotenga 3 koloko. Chodabwitsa nchoti khoma loola lija ndi limene linatipatsa geni yachiwiri, anthu oimika pamalo amodzi ndi ife anaona ntchito ya abambo nkuyamba kubweretsa zawo, pano nyengo yozizira amakhala ali kalikiliki kumata madenga a eni ake ndipo ndalama imeneyo ndi yodalirika kuposa hayala.

Yachiwiri tinagula chaka chatha, ya Euro 6. Tinaona zinayi tisanasankhe, ndipo tinkapita dala tsiku lamvula. Pa imene tinatengayi mwiniwake anathamangira kutsegula boneti atamva kuti abambo ndi makaniko, iwo anangopinda manja akuti "dikirani kaye, ayambe mayi." Ndinavula nsapato, kukwera pabedi, kutukula matiresi, kununkhiza m'makabati, kubaya kamakina kanga pakona iliyonse ndi pansi pa zenera lililonse uku ndikutchula manambala abambo akulemba kuseri kwa envelopu, 11, 12, 11, 14 pafupi ndi chitseko. Nditatsika ndi pamene anapempha makiyi.