Masamu a Juzi ndi Utoto Wouma

Ndikamakonza kalukidwe katsopano ka juzi, ntchito yaikulu imakhala ya masamu. Ndimayamba ndaluka kachidutswa koyesera n'kukachapa, kenako ndimawerenga mastichi ndi mizere yopezeka m'masentimita 10, chifukwa manambala amenewa ndi amene ndimawerengetsera miyeso yonse, kuyambira ya mwana mpaka ya munthu wamkulu. Ndikalakwitsa pamenepa, wotsatira malangizo anga amadzamasula ntchito ya sabata yathunthu.

N'chifukwa chake masamuwo ndimachita mbandakucha, ana asanadzuke. Kuluka kwenikweniko sikudana ndi phokoso, choncho ndimakusiyira madzulo. Kujambula zithunzi ndi utoto, kumene ndinkakukonda kwambiri, ndiko kwasowa nthawi. Utoto wanga wina unaumira m'botolo pamene ndinkalimbana ndi mkono umodzi wa juzi, ndipo mpaka lero zimandiwawabe mumtima.