Usiku umene ndinamvetsa mate ya omega

Dzulo cha m'ma 11 koloko usiku, chinthu chomwe chakhala chikundizunguza mutu kwa miyezi itatu chinamasuka. Ndinangokhala chete pampando, pensulo ili m'manja, mtima uli myaa. Sindifotokoza kuti chess ya pabolodi yopanda malire ndi chiyani, chifukwa inu anzanga omwe mumaisewera mukudziwa kale kuti rook (chidutswa choyenda mumzere wowongoka) akanyamuka amatha kupita mabokosi 40 kapena 4,000, palibe khoma lomuimitsa. Mukudziwanso kuti mfumu ndi rook mmodzi sangamalize mfumu ya mdani, poti kona yoti muifinyiremo kulibe.

Chimene chinkandivuta ndi mawu akuti "mate mu omega" ("mate" ndi kufinya mfumu ya mdani mpaka isowe kothawira, ndipo omega ndi chizindikiro cha masamu cha nambala yopanda malire). Ndinawapeza koyamba m'zimene C. D. A. Evans ndi Joel David Hamkins analemba mu 2014 zokhudza masewerawa. Ndinkaganiza kuti omega akutanthauza kuti masewero sadzatha. Ndinalakwitsa pomwepo, ndipo kulakwitsa kumeneku kunandimanga kwa nthawi yonseyi.

Masewero amatha. Woyera (wosewera ndi zidutswa zoyera) amapambana ndithu, ndipo amapambana pakatha mayendedwe owerengeka. Koma asanayende wakuda, simungatchule nambala ya mayendedwewo, chifukwa nambalayo ndi wakuda amene amaisankha. Akakankha rook wake mabokosi 10, woyera afunika mayendedwe pafupifupi 10 kuti amufikire n'kumaliza. Akamukankha mabokosi 500, ndiye 500. Palibe nambala imene mungaike patebulo n'kunena kuti iyi yokha ikwanira, chifukwa wakuda angopita bokosi limodzi kupitirira pamenepo. Koma akangotsitsa dzanja, nambala yatuluka, ndipo kuchokera apo ikungotsika mpaka ziro. Omega ndi kamphindi kaja wakuda asanatsitse dzanja.

Ndabwereza zimenezi kangapo m'kope langa m'mawu osiyanasiyana chifukwa ndimaopa kuti zindithawanso. Wakuda wagonja kale, chimene watsala nacho n'kusankha kutalika kwa njira ya kumanda. Akakhala ndi mwayi wosankha nambala kawiri, ndi omega kuchulukitsa ndi 2. Akakhala ndi mwayi woyamba wasankha kuti asankha nambala kangati, tafika pa omega sikweya (omega kuchulukitsa ndi omega). Apa ndi pomwe ndinaimirira n'kuyendayenda m'chipinda.

Chimene chinandithandiza si foni. Pa sikirini mumakoka bolodi ndi chala, rook n'kusowa kumwamba, inu n'kuiwala kuti ali kutali bwanji. Ndinatenga mapepala a girafu anayi, n'kuwalumikiza ndi selotepi pamkeka, n'kuika zitsekerero za mabotolo ngati zidutswa. Rook wakuda ndinamuika papepala lachinayi, pafupi ndi chitseko. Kenako ndinayendetsa mfumu yoyera bokosi limodzi limodzi, ndikuwerenga mokweza. Nditafika pa 31 ndinadzifunsa kuti, nanga ndikanamata pepala lachisanu? Yankho linabwera lokha: ndikanawerenga nthawi yotalikirapo, koma ndikanafikabe. Ine ndikukhulupirira kuti aliyense amene akuvutika ndi masewerawa azimitse foni, agule mapepala a girafu. Sindikuona njira ina yoposa imeneyi, ngakhale pophunzira zidutswa zachilendo zija. Chancellor, amene amayenda ngati rook komanso ngati kavalo, ndinamuzolowera papepala. Nightrider wa T. R. Dawson wa mu 1925, kavalo amene amabwereza kulumpha kwake mumzere umodzi mpaka atatsekerezedwa, simungamuone bwino popanda kulemba madontho ndi pensulo pomwe akutera.

Chimandiwawa n'chakuti omega ndinakumana naye kale m'kalasi. Mphunzitsi wathu wa masamu analemba chizindikirocho pabolodi, n'kunena kuti ndi nambala yobwera pambuyo pa nambala zonse zowerengera, kenako anafufuta chifukwa sizinali pamayeso. Mphindi ziwiri basi. Akanangotiuza kuti tiyerekeze munthu amene akusankha nambala kenako n'kumawerenga chotsitsa, zaka zonsezi bwenzi ndikudziwa. Ku kalabu yathu ya chess nakonso n'chimodzimodzi. Otiphunzitsa amafuna tiloweze njira zoyambira masewero monga Sicilian ndi Ruy Lopez, ndipo nditatchula za bolodi yopanda malire anandiyankha kuti zimenezo si chess, ndisataye nthawi. Sindikuwanyoza, amatikonzekeretsa mipikisano ndipo ntchito yawo ndi imeneyo. Koma zimandipweteka kuti funso lokoma chonchi ndilibe wokambirana naye maso ndi maso. Nthawinso ndilibe. Ndikaweruka kuntchito ndimakhala nditatopa, ndipo ola limodzi lomwe ndimapeza limathera kukumbukira pomwe ndinasiyira dzulo.

Tsopano ndikuyang'ana zimene Evans, Hamkins ndi Norman Perlmutter anaonetsa pambuyo pake, kakhalidwe ka zidutswa kamene kutalika kwa mate yake ndi omega wa pawa 4. Pamawu ndikutha kutsatira: kusankha nambala kuli m'kati mwa kusankha kwina, kumenenso kuli m'kati mwa kwina. Koma ndikayang'ana chithunzi cha bolodi yake, ndi mizere ya ma pawn ndi mabishopu yosatha, maso amangoti balala. Mapepala anga anayi sakwanira.

Palinso huygens, kachidutswa kamene kanatchedwa dzina la Christiaan Huygens, kolumpha mabokosi a nambala za prime (zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi) monga 5, 7, 11 ndi 13. Sabata yatha kanandidyera mfumukazi kuchokera mabokosi 37, ine ndikuganiza kuti ndili pabwino. Ndikakaika m'nkhani ya omegayi, mutu umayambanso kulemera, chifukwa mtunda umene wakuda wasankha sukhalanso nambala wamba, zimatengera ngati ndi prime kapena ayi. Mwina zimene ndamvetsa dzulo zikugwirabe ntchito pamenepo, mwinanso ndangogwira mchira wa nkhani yonse. Mapepala aja sindinawachotse pamkeka.